Mmene mungayezere kadyedwe ka anthu akuluakulu a ku Turkey

Lipoti la 2022 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lonena za kunenepa m'chigawo cha ku Ulaya linaika Turkey pamwamba pa mayiko onse a m'chigawocho: anthu akuluakulu pafupifupi 32 pa 100 alionse anali onenepa kwambiri. Kafukufuku wa boma la Turkey wa 2010 anali atapeza kale zofanana ndi zimenezi, ndipo anaonetsa kuti vutoli lakula kwambiri kwa amayi, 41 pa 100 alionse, pamene kwa abambo anali 20.5. Kupeza manambala ngati amenewa sikuvuta, chifukwa munthu amangokwera pa sikelo. Chovuta n'kudziwa chimene chikulowa m'kamwa mwa anthuwo tsiku ndi tsiku, kuchuluka kwake, ndi michere imene thupi likupeza kapena kusowa. Malangizo awa ndi a wophunzira kapena wofufuza amene akufuna kugwira ntchito imeneyi. Ndinena poyambirira pomwe kuti kafukufuku wotere amaonongekera pa mpando pamene mukucheza ndi munthu, osati pa kompyuta. Buledi, tiyi wa shuga, mafuta ndi mchere wa mumphika ndi zimene anthu a ku Turkey amadya kwambiri, ndipo ndi zomwezonso zimene saziwerengera akamafotokoza zimene adya.

Gawo loyamba: werengani zimene ena anachita kale

Musayambe ngati kuti palibe anadutsapo. Kafukufuku wamkulu wa kadyedwe anachitika mu 1974 ndi mu 1984, kenako panadutsa zaka 26 mpaka Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi yunivesite ya Hacettepe ya ku Ankara, unachita kafukufuku wotchedwa TBSA mu 2010. Wina anachitika mu 2017, ndipo anayang'ana anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Pezani malipoti awiri omalizawa muone mmene anafunsira mafunso ndi mmene anagawira zakudya m'magulu. Mukatsata njira yofanana ndi yawo, zotsatira zanu zidzatha kuyerekezedwa ndi za dziko lonse. Pezaninso buku la malangizo a boma a kadyedwe, lotchedwa TÜBER, limene linatuluka mu 2015 n'kukonzedwanso mu 2022, chifukwa m'menemo muli milingo ya michere imene munthu wa msinkhu uliwonse amafunika.

Gawo lachiwiri: sankhani funso limodzi, kenako anthu ndi nyengo

Kodi mukufuna kudziwa za mchere? Za ayironi mwa amayi a msinkhu wobereka? Za mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya? Funso lililonse lili ndi chida chake, ndipo amene amafuna zonse pakamodzi amathera ndi mafomu aatali amene anthu amayankha motopa.

Posankha anthu, kumbukirani kuti Turkey ndi dziko la zigawo 81 ndipo mphika wa dera lina sufanana ndi wa dera lina. Kugombe la nyanja ya Aegean, cha ku İzmir, ndiwo zamasamba zimaphikidwa ndi mafuta a maolivi ochuluka. Kugombe la Black Sea, cha ku Trabzon ndi Rize, anthu amadya tinsomba totchedwa hamsi, buledi wa chimanga ndi kabichi wa masamba obiriwira kwambiri. Kum'mwera chakum'mawa, ku Gaziantep ndi Şanlıurfa, n'kwa nyama yootcha, tsabola ndi tirigu wosinja wotchedwa bulgur. Kum'mawa, ku Erzurum ndi Kars, kumazizira miyezi yambiri ndipo anthu amadalira batala, tchizi, nyama ndi zophika za ufa wa tirigu. Mukafunsa anthu a ku Istanbul okha, lembani kuti zotsatira zanu ndi za Istanbul. Bungwe la boma loona za ziwerengero, TÜİK, limagawa dzikoli m'madera akuluakulu 12, ndipo kafukufuku wofuna kuimira dziko lonse amatenga anthu m'dera lililonse, m'tauni ndi m'midzi momwe.

Nyengo nayo ndi nkhani. M'mwezi wa Ramadan anthu ambiri amadya kawiri kokha, m'bandakucha ndi dzuwa likalowa, ndipo pamakhala buledi wapadera wa nyengoyo ndi zotsekemera zambiri. Pa chikondwerero cha Kurban Bayramı mabanja amapha nkhosa kapena ng'ombe n'kugawana nyama, moti ngakhale banja limene silidya nyama kawirikawiri limaoneka ngati lodya nyama tsiku lililonse. Masiku amenewa amasuntha chaka ndi chaka, pafupifupi masiku 11 kubwerera m'mbuyo, choncho yang'anani kalendala musanakonze ulendo. Ngati si nyengo zimenezi zimene mukufufuza, zipeweni.

Gawo lachitatu: chilolezo

Pezani chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu otenga nawo mbali pa kafukufuku, ya payunivesite kapena pachipatala chimene mukugwira nacho ntchito. Lamulo la Turkey loteteza chinsinsi cha anthu, nambala 6698 la 2016, limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Munthu aliyense asaine kuti wavomera, ndipo pa fomu ya mayankho mulembe nambala m'malo mwa dzina.

Gawo lachinayi: konzani chikwama cha zida

Mufunika sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu, sikelo yoyeza anthu, choyezera msinkhu, ndi tepi yosatanuka. Mufunikanso buku la zithunzi za zakudya lotchedwa Yemek ve Besin Fotoğraf Kataloğu, limene akatswiri a kadyedwe a ku Turkey anakonza, loonetsa chakudya chimodzi m'milingo yosiyanasiyana. Koma musadalire zithunzi zokha. Gulani ziwiya zenizeni zimene anthu amayezera: katambula ka tiyi kowonda pakati, tambula ya madzi imene nthawi zambiri imatengedwa ngati mamililita 200, supuni yaikulu yodyera, supuni yapakati ya zotsekemera, kasupuni kakang'ono kotakasira tiyi, chipande cha supu, ndi kambale kakuya. Ikanimonso bokosi la machesi. Akatswiri a kadyedwe a ku Turkey akhala akuyeza tchizi ndi bokosi la machesi kwa zaka zambiri, bokosi limodzi kukhala pafupifupi magalamu 30, ndipo anthu wamba anazolowera muyeso umenewu. Mukaika bokosilo patebulo, mayi amene amakanika kunena magalamu amatha kuloza n'kunena kuti anadya mabokosi awiri.

Amene akufunsa mafunso akhale wolankhula bwino chilankhulo cha ku Turkey, ndipo m'madera a kum'mwera chakum'mawa pakhale wina wodziwa Chikurdi, chifukwa agogo ena amamasuka m'chilankhulo chimenecho. Poitana munthu, ulemu wa kumeneko ndi kutchula dzina loyamba n'kuwonjezera Hanım kwa mayi kapena Bey kwa bambo. Kwa achikulire a kumudzi, teyze kwa mayi ndi amca kwa bambo zimamveka bwino.

Gawo lachisanu: kufunsa zimene munthu anadya dzulo

Apa m'pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikhalitsapo. Njira yodziwika ndi kufunsa munthu zonse zimene anadya ndi kumwa m'maola 24 a tsiku la dzulo, ndipo sizifunsidwa ulendo umodzi. Mumadutsa m'tsikulo kangapo.

Ulendo woyamba, msiyeni alankhule. Mufunseni kuti afotokoze chilichonse chimene chinalowa m'kamwa kuyambira pamene anadzuka mpaka pamene anagona, inu muzingolemba osamudula. Musafunse kuti "munadya chiyani pa kadzutsa?", chifukwa funso limeneli limamuuza kuti anayenera kudya kadzutsa, ndipo ena amapeka kuopa manyazi.

Ulendo wachiwiri ndi wa zoiwalika. Kwathu munthu amene wadya mbatata, chinangwa ndi nthochi tsiku lonse amatha kunena kuti sanadye chifukwa sanaone nsima. Ku Turkey zimachitika motembenuza: buledi ali paliponse moti munthu samuonanso. Amatchula supu ya mphodza zofiira, nyemba ndi mpunga, koma osatchula magawo anayi a buledi amene anasunsa mu msuzi. Ndiye pa chakudya chilichonse funsani kuti, "Panali buledi? Wamtundu wanji? Magawo angati? Munacheka ndi mpeni kapena munanyema ndi manja?" Funsani za simit, buledi wozungulira wokhala ndi chitowe amene anthu amagula m'njira popita kuntchito n'kudya akuyenda. Funsani za nthanga za mpendadzuwa ndi mtedza zimene amatafuna madzulo poonera wailesi yakanema. Funsani ngati anapita kukacheza kwa mnansi, chifukwa mlendo ku Turkey sachoka pakhomo wosalawa kanthu, kaya ndi keke, börek (chophika cha ufa wa tirigu chokhala ndi tchizi kapena nyama mkati) kapena chokoleti. Funsani za ayran, chakumwa cha yogati chothira mchere. Nkhani ya mowa muisiye kumapeto ndipo muifunse munthuyo ali yekha, mosaonetsa kudabwa, chifukwa ambiri sangaivomere pamaso pa abale.

Tiyi ayenera kukhala ndi mafunso akeake. Anthu a ku Turkey ali m'gulu la anthu omwa tiyi kwambiri padziko lonse, ndipo tiyi wake, wolimidwa makamaka ku Rize, amamwedwa wopanda mkaka m'timatambula tating'ono, kunyumba, kuntchito, m'sitolo, ngakhale kometetsa tsitsi. Munthu akati "ndinamwa tiyi", mufunseni malo ndi malo: kunyumba m'mawa angati, kuntchito angati, atadya nkhomaliro angati, usiku angati. Kenako shuga: timibulu tingati m'tambula iliyonse? Timibulu ta shuga timasiyana kukula, choncho yezani pa sikelo ta mtundu umene iye amagwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti kamodzi kakulemera magalamu 2.5, ndipo bambo amathira tiwiri m'matambula 8 patsiku. Amenewo ndi magalamu 40 a shuga, makalori 160, kuchokera mu tiyi yekha. WHO imalangiza kuti shuga wowonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu za tsiku lonse, kutanthauza pafupifupi magalamu 50 kwa munthu wofunika makalori 2000. Bambo ameneyu watsala pang'ono kufika pa malire asanakhudze baklava, chotsekemera chotchuka cha kumeneko. Lembaninso nthawi imene tiyi anamwedwa, chifukwa tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi amene thupi limatenga ku nyemba, mphodza ndi masamba.

Ulendo wachitatu, ikani nthawi ndi malo pa chilichonse. Ulendo wachinayi ndi wa tsatanetsatane ndi milingo, ndipo apa tulutsani ziwiya ndi zithunzi zija. Kadzutsa wa ku Turkey ndi amene amatenga nthawi: patebulo pamakhala timbale tambiri ta tchizi choyera, maolivi, tomato, nkhaka, jamu, uchi, mazira, ndipo aliyense amangotapa. Werengani maolivi limodzilimodzi. Anthu ambiri amakumbukira njere zimene zinatsala m'mbale mwawo. Funsani ngati tchizi chinali cha mkaka wa ng'ombe kapena wa nkhosa, cha mafuta onse kapena ochepetsedwa. Ulendo wachisanu, muwerengereni zonse zimene mwalemba n'kumufunsa ngati pali chotsala, komanso ngati dzulo linali tsiku wamba kapena anadwala, anasala kudya, kapena anali ku ukwati.

Kucheza konseku kungatenge theka la ola kapena kupitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofunsa amene wauzidwa kuti amalize anthu ochuluka patsiku amayamba kudumpha ulendo wachiwiri, ndipo ulendo umenewo ndi umene umagwira buledi ndi shuga.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lowani mumphika

Chakudya chophikidwa kunyumba sichingayezedwe ndi dzina lake lokha. Nyemba zophikidwa ndi nyama ndi batala ku Erzurum si zofanana ndi zophikidwa ndi mafuta a maolivi ku Aydın, m'dera la Aegean, ngakhale zonse zikutchedwa kuru fasulye. Pemphani kulankhula ndi amene anaphika, ndipo lembani zonse zimene anathira mumphika: nyemba matambula angati, anyezi angati, mafuta ati ndiponso ochuluka bwanji, mchere masupuni angati, ndi salça, phala la tomato kapena la tsabola limene limalowa pafupifupi mumphika uliwonse. Salça yopangidwa kunyumba n'kuyanikidwa padzuwa imakhala ndi mchere wambiri, choncho funsani ngati ndi yogula kapena yopanga okha. Chimodzimodzi tarhana, ufa wa supu wowawasa, ndi turşu, ndiwo zamasamba zosungidwa m'madzi a mchere.

Ophika ambiri anena kuti amangothira ndi maso. Musalimbane nawo. Apatseni botolo la madzi ndi mphika wopanda kanthu, athire monga amathirira mafuta, inu muyeze madziwo. Pa mchere, atape ndi supuni kapena zala zawo n'kuika pa sikelo.

Mukatero werengani gawo la munthu wanu. Ngati mphika wonse utapsa ukulemera magalamu 2000 ndipo iye anadya magalamu 250, wadya gawo limodzi mwa magawo 8 a chilichonse chimene chinalowamo. Ngati munalowa magalamu 80 a mafuta, ake ndi magalamu 10, amene ndi makalori 90. Pamene banja linadyera m'mbale imodzi pakati, monga zimachitikira m'midzi ina, funsani anthu amene anadya, misinkhu yawo, ndi ngati panatsala chakudya, kenako muwerenge masupuni amene iye akukumbukira. Pa chakudya cha kulesitilanti kapena kukantini ya kuntchito, gwiritsani ntchito maphikidwe okhazikika amene ali m'mabuku a akatswiri a kadyedwe a m'dzikomo, ndipo lembani pa fomu kuti mwatero.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: bwererani tsiku lina

Tsiku limodzi silionetsa kadyedwe ka munthu. Amene anadya chiwindi dzulo aoneka ngati ali ndi vitamini A wochuluka kwambiri, ndipo amene sanadye aoneka ngati alibiretu. Funsaninso munthu yemweyo patapita masiku angapo, osati mawa lake chifukwa mabanja ambiri amadya zotsala za dzulo. Kafukufuku wa TBSA wa 2017 anafunsa kawiri pa masiku otalikirana. Gawani masikuwo kuti Loweruka ndi Lamlungu alowemo, popeza kadzutsa wa Lamlungu ku Turkey amakhala wamkulu kuposa wa masiku a ntchito. Onjezani fomu yaifupi yofunsa kuti pa mwezi kapena pa chaka amadya kangati zinthu zosadyedwa tsiku ndi tsiku, monga nsomba, chiwindi ndi nyama zokonzedwa ngati sucuk. Funsaninso za mapiritsi a mavitamini ndi ayironi, ndipo pemphani kuona paketi yake.

Gawo lachisanu ndi chitatu: yezani thupi

Yezani kulemera munthu atavula nsapato ndi zovala zolemera, yezani msinkhu, kenako gawani makilogalamu ndi msinkhu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Yankho la 25 mpaka 29.9 ndi kunenepa, 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kwambiri. Yezani chiuno: kupitirira masentimita 102 kwa abambo ndi 88 kwa amayi ndi chizindikiro cha chiopsezo chachikulu. Amayi ayezedwe ndi mayi mnzawo, m'chipinda chotseka.

Michere ina simungaidziwe pofunsa. Vitamini D amachokera kwambiri ku dzuwa, choncho amayezedwa m'magazi. Kuchepa kwa magazi kumaonekera pa hemoglobini (chimene chimanyamula mpweya m'magazi), pansi pa magalamu 12 pa desilita kwa amayi amene si oyembekezera ndi 13 kwa abambo, ndipo feritini ndi amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi.

Mchere nawo njira yake yodalirika ndi mkodzo wa maola 24, chifukwa pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a sodiyamu (gawo la mchere) amene munthu wadya amatuluka mu mkodzo. Kafukufuku wa SALTURK wa 2008 anagwiritsa ntchito njira imeneyi n'kupeza magalamu 18 a mchere patsiku, ndipo wachiwiri wa 2012 anapeza pafupifupi 15, pamene WHO imalangiza zosafika 5. Mpatseni munthu chigubu chachikulu n'kumufotokozera kuti mkodzo woyamba wa m'mawa autaye ndi kulemba nthawi, kenako asunge wonse mpaka woyamba wa m'mawa wotsatira. Labu ikakupatsani sodiyamu m'mamilimolo, chulukitsani ndi 23 kuti mupeze mamiligalamu, kenako ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Mamilimolo 170 ndi mamiligalamu 3910 a sodiyamu, pafupifupi magalamu 9.8 a mchere. Funsaninso mtundu wa mchere wa pakhomopo. Kuyambira 1998 mchere wa patebulo ku Turkey umayenera kukhala ndi ayodini, koma mabanja ena amakonda mchere wamiyala wopanda ayodini.

Gawo lachisanu ndi chinayi: sandutsani chakudya kukhala michere

Akatswiri ambiri a ku Turkey amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa BeBiS, imene maziko ake ndi nkhokwe ya zakudya ya ku Germany yowonjezeredwa zakudya za ku Turkey. Palinso TürKomp, nkhokwe ya dziko la Turkey ya michere ya m'zakudya, imene manambala ake anachokera pa kuyeza zakudya za m'dzikomo mu labu. Ine ndingalangize kuti pa zakudya zimene zimadyedwa kwambiri, monga buledi, tchizi choyera, maolivi ndi bulgur, muyerekeze manambala a nkhokwe ziwirizi musanayambe kuwerengera. Onetsetsaninso chaka cha manambala a buledi. Mu 2012 boma linatsitsa mchere wololedwa mu buledi kufika pa magalamu 1.5 pa magalamu 100 a buledi wochotsedwa madzi, ndiye nambala yakale ikhoza kukweza mchere wa munthu aliyense m'kafukufuku wanu. Samalani ndi kusiyana kwa chaiwisi ndi chophika: magalamu 100 a bulgur wouma ali ndi mphamvu zochuluka kwambiri kuposa magalamu 100 a bulgur wophika amene wamwa madzi, ndipo kusokoneza ziwirizi n'kulakwitsa kofala.

Mukamaliza kulowetsa, fufuzani mayankho osatheka. Yerekezani mphamvu zimene munthu wanena ndi zimene thupi lake limafuna litangogona osachita kanthu. Mayi amene thupi lake limafuna makalori 1400 pongopuma, koma wanena kuti amadya 1100 ndipo sakuonda, waiwala kapena wabisa zina. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amaonetsa kuti anthu onenepa ndi amene amachepetsa kwambiri ponena zimene adya. Musawafufute mwakachetechete. Werengerani kawiri, ali mkati ndiponso atachotsedwa, n'kuonetsa zonse ziwiri.

Polemba lipoti, musangopereka nambala yapakati ya gulu lonse. Gulu likhoza kukhala ndi kashiamu wokwanira pa avareji pamene theka la amayi achikulire akuperewera. Onetsani kuti ndi anthu angati pa 100 alionse amene ali pansi pa mlingo wofunika, ndipo gawani potengera amuna ndi akazi, zaka, dera, ndi maphunziro. Onetsaninso zakudya zimene zikubweretsa mchere, shuga ndi mafuta ambiri, chifukwa unduna sungalamule anthu kuti adye sodiyamu wochepa koma ungalamule ophika buledi ndi opanga salça. Aliyense amene magazi ake apezeka ochepa, kapena shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwake kwakwera, mumupatse zotsatira zake polemba, mu envelopu yomata, kuti akaonane ndi dokotala wa banja lake ku chipatala chaching'ono cha m'dera chimene analembetsako.